Dongo la a Muhiwa

Apongozi anga, a Bonifasiyo Muhiwa, tinawaika Lachiwiri lapitali, ndipo ndinene msanga manyazi asanandigwire: munthu ameneyu wandisautsa zaka khumi ndi zinayi. Pamaliro aliyense ananena zokoma. Akatekisiti anati malemuwa anali munthu wofatsa. Ndinaweramitsa mutu, anthu n'kumati aphunzitsi akulira, pamene ine ndinkangodzifunsa ngati akatekisitiwo anayamba apitapo kukabwereka sipanala kwa a Muhiwa.

Ngakhale bokosi limene tinawaikamo silinakhomedwe mwamtendere. Kutatsala sabata ziwiri, ali gone pamphasa mawu akutuluka movutikira, anaitanitsa bango. Anauza mkazi wanga Agnesi, yemwe ndi mwana wawo woyamba, kuti awayeze nalo kuyambira kuphazi mpaka kumutu, alidule pomwepo, apite nalo kwa kalipentala. Kalipentalayo ali ndi tepi yake yabwinobwino ya manambala. A Muhiwa anati tepi ndi ya anthu amene safuna kuyandikira chinthu chimene akuyeza. Bango linapita, linabwerera, n'kupitanso lina, chifukwa anakumbukira kuti poyeza paja anali atapinda bondo pang'ono.

Anabwera kuno ali mwana, akuyenda pansi ndi makolo awo kuchokera kudziko la Apwitikizi, monga anabwerera Alomwe ambiri a kuno kwa Likoswe. Anakulira pa esiteti ya fodya. Malole atayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1920, analowa ntchito kwa Mmwenye wina wa ku Limbe. Poyamba ntchito yawo inali yopukusa hendulo yolizira injini ndi kuthamanga ndi mwala kukatchinga tayala pachitunda. Kenako inakhala yogona chagada pansi pa lole, ndipo kumeneko sanachokeko zaka zoposa makumi awiri. Sukulu sanaipondeko. Dzina lawo ankalemba ndi chala chachikulu, ndipo ankanena kuti ndi dzina lokhalo limene munthu wina sangakulembere.

Manambala sankawakhulupirira m'pang'ono pomwe. Akafuna kudziwa kutalika kwa chitsulo ankadula bango. Akafuna kudziwa ngati chitsulo ichi chingalowe m'bowo ilo, ankatenga dongo lofewa, kulikanikizira m'bowomo, kulitulutsa pang'onopang'ono atagwira mpweya. Dongolo likatuluka limakhala ndi maonekedwe enieni a chitsulo chimene bowolo likufuna. Ankalikulunga m'tsamba la nthochi kuti lisaume, poti dongo likauma limachepa, n'kuliika m'kachitini ka fodya. Ntchito ikatha ankaliumika pathandala la pakhonde. Pathandalapo pali timadongo tosawerengeka, kalikonse ankakadziwa kuti kanachokera m'galimoto ya yani.

Vuto linali loti dongolo silinali lawo. Apongozi anga aakazi ndi oumba mbiya. Iwo ndi amene ankapita kudambo, kukumba, kusenza, kuchotsa timiyala, kuponda. Akangotembenuka, mbali ina ya dongo yapita. Nkhondo imeneyi ndinaipeza pobwera chikamwini, ndipo akuti inayamba Agnesi asanabadwe.

"Inu bambo, dongo langa mwaliona?"

"Dongo liti? Mwina nkhuku."

"Nkhuku zanu zimenezo zimasiya zala za girizi?"

Ntchito yawo inali yabwino, zimenezo sindikana, koma inali yochedwetsa mpaka munthu kufuna kulira. Munthu wobwera ndi njinga kuti amumangire kanati kamodzi ankachoka dzuwa litapendeka, njinga yonse itamasulidwa n'kumangidwanso, iye atadzudzulidwa za mmene amakwerera. Tsiku lina bambo mfumu a kumishoni anabwera ndi njinga yamoto akuthamangira odwala. A Muhiwa anaona kuti nati ina ndi yachilendo, si ya pamenepo, ndipo anakana kuimanga. Bambo mfumu anachonderera, anakalipa, anatchula za mzimu wa munthu amene akuwadikira. A Muhiwa anayankha kuti nati imeneyo ikamasuka potsetsereka, mizimu yofuna kuthamangiridwa ikhala iwiri. Bambo mfumu anapita pa njinga yakapalasa.

Ine ndi iwo tinalibe njira yokanganirana bwino, ndipo chimenecho ndicho chinkandipweteka kwambiri. Mkamwini satsutsa apongozi maso ndi maso. Choncho mikangano yathu yonse inkadutsa mwa Agnesi, ngakhale titakhala pakhonde limodzi moti mawondo athu akanatha kugundana. Agnesi akapita kumadzi, iwo ankauza galimoto yawo, kawirikawiri m'Chilomwe, mokweza ndithu kuti ndimve. Ankanditchula kuti aphunzitsi, ndipo anali ndi katchulidwe kake kamene kankachititsa dzinalo kumveka ngati matenda.

Galimotoyo inali yakale kwambiri, ya bokosi lamatabwa kumbuyo. Mmwenye uja anawapatsa posiya ntchito, poganiza kuti yafa. A Muhiwa anaidzutsa. Anandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira la kusukulu kwathu, ndipo kwa chaka chathunthu sanandilole kudutsa giya yachiwiri. Inkanyamula nandolo, odwala, akwati. Kumayambiriro kwa 1949 inanyamula miyala ya maziko a tchalitchi, ndipo difu inasweka.

Kwa amene sanagonepo pansi pa galimoto, difu ndi chimphika chachitsulo chimene chimakhala pakati pa matayala akumbuyo, m'kati mwake muli magiya. Mphamvu ya injini ikafika pamenepo imagawika, ina kupita kutayala lamanja ina lamanzere, kudzera m'zitsulo ziwiri zazitali zimene amakaniko amati mashafiti. Kunsonga kwa shafiti kuli mano, ndipo manowo amalowa m'bowo la giya limene lili ndi mipata yake. Zikagwirana, galimoto imayenda. Zikapanda kugwirana, injini imangolira, matayala ali duu.

Chaka chimenecho aliyense wa kuno akuchidziwa. Mvula inadula chimanga chisanamasule. Pofika nyengo yadzuwa nkhokwe zinali pululu. Malipiro anga a uphunzitsi analipo, koma pamsika panalibe choti n'kugula. Agnesi ankaphika gaga, gaga atatha ankaphika mizu. Akamwini ambiri anatsanzika kuti akukafuna chakudya, osaonekanso, ndipo amene tinatsala tinkayang'anidwa ngati pakamwa powonjezera. Mwana wathu Filomena anali ndi zaka zitatu. Tsitsi lake linayamba kufiira, kenako mapazi anayamba kutupa. Ukadina ndi chala pamwamba pa phazi, kadzenje kankatsala.

Ndiye kunabwera uthenga kuchokera kwa abale a a Muhiwa, kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kwa Apwitikizi, woti kumeneko makaka, chinangwa chouma, alipo ndi chimanga pang'ono, tibwere ndi nsalu, makasu ndi mchere tidzasinthane. Wapansi, wanjala, akanasenza zingati ulendo wonsewo? Mudzi wonse unatembenukira kugalimoto imene inali pamiyala pansi pa mtengo wa mango.

A Muhiwa anali atamva kuti ku Limbe kuli galimoto ya mtundu womwewo, yachaka chapatsogolo pang'ono, imene inagubuduzika, ndipo mwini wake akugulitsa zitsulo. Iwo anali ndi chilonda chachikulu pamwendo, choncho anatuma ine ndi alamu anga awiri. Mawu awo, kudzera mwa Agnesi, anali omveka bwino: tibwere ndi difu pamodzi ndi mashafiti ake onse awiri. Sindinganame kuti sindinamve.

Ndisananyamuke ndinawerenga mano a mashafiti athu. Anali khumi. Ku Limbe ndinasuzumira m'bowo la giya ya difu yatsopanoyo n'kuwerenga mipata. Inali khumi. Ndinayang'ana alamu anga, amene anali asanadye kanthu chidzukire, ndinayang'ana mashafiti aja kulemera kwake, ndinaganiza za mtunda wobwerera. Ndinati tisenzerenji zitsulo zimene tili nazo kale kunyumba? Tinamangirira difu pamtengo n'kuinyamula ngati machira.

Titafika, a Muhiwa anayang'ana difuyo, kenako anayang'ana njira imene tinadzera.

"Agnesi, tawafunsa aphunzitsi, mashafiti akubwera m'mbuyomu?"

"Uwauze bambo kuti athu aja ali bwinobwino," ndinatero. "Ndawerenga ndekha. Mano khumi uku, mipata khumi uko."

A Muhiwa anakwawira kuseri kwa nyumba, tinamva apongozi aakazi akukuwa za dongo lawo, anabwerera. Anakanikiza dongo m'bowo muja, kulitulutsa, kuligoneka pafupi ndi nsonga ya shafiti yathu. Analowetsa bango, kulidinda ndi chikhadabo. Zonsezi zinatenga nthawi yokwana kuphunzitsa phunziro lathunthu la masamu. Pomaliza anasisita bodi ya galimoto n'kuyamba kuiuza, ulendo uno m'Chinyanja.

"Wamva iwe? Akuti khumi ndi khumi. Inenso ndili ndi zala khumi, Filomena alinso ndi zala khumi. Avale mphete yangayi tione ngati ikhale."

Anaonetsa Agnesi. Shafiti yathu inali yowonda kuposa dongolo, mwina ndi kunenepa kwa chikhadabo basi. Inalinso yaifupi ndi zala ziwiri, kutanthauza kuti mano akanangogwira kunsonga kokha. Anati yopanda katundu iyenda, mwinanso kufika ku Mulanje ikuimba. Koma ikangolemedwa pamalo ovuta, mano onsewo aphwanyika.

Tsiku limenelo ndinaswa mwambo koyamba. Ndinalankhula nawo ine mwini.

"Bambo, mwana akutupa mapazi."

Anayang'ana pansi. "Ndamuona. N'chifukwa chake ndikufuna galimoto yopita ndi kubwera, osati yopita kokha."

M'mawa mwake anamanga chilonda ndi nsanza, anaika kachitini ka fodya m'thumba la jasi, anatenga ndodo, nauyamba wa ku Limbe kukatenga zimene ine ndinasiya. Tinkayembekeza kuti abwera tsiku lotsatira. Sanabwere. Tsiku lachiwiri lake sanabwere, lachitatu chimodzimodzi. Tinadzamva pambuyo pake kuti anapeza mashafiti aja atagulidwa ndi munthu wopanga ngolo, ndipo anamulondola mudzi ndi mudzi, akutsimphina, mpaka cha ku Mikolongwe. Ife kunyumba sitinkadziwa kanthu. Tinkangoona Filomena atasiya kusewera, atangokhala pamphasa maso ali tong'o.

Mtima wanga unadzaza ukali. Ndinkati mwana wanga akufa chifukwa cha kunenepa kwa chikhadabo! Munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake watimangirira tonse ndi dothi la mbiya! Tsiku lachinayi ndinapita kwa a Lukasi, atsibweni a Agnesi, amene ndi eni mbumba, ndipo ndinanama. Ndinati pochoka a Muhiwa anandisiyira mawu akuti akachedwa kupitirira masiku atatu timange ndi mashafiti akale, chifukwa anayezanso n'kupeza kuti atha kugwira. A Lukasi ndi munthu wolankhula kwambiri koma womva msanga. Anati, "Ngati alamu atero, tikudikiranji?"

Ndinali nditaonerera nthawi zambiri a Muhiwa akumanga. Ine ndi alamu anga tinakweza difu, tinalowetsa mashafiti, analowa mosavuta moti ndinaseka. Sindinadziwe kuti kusavutako ndiye kunali vuto lenilenilo. M'mawa wa tsiku lachisanu tinapakira makasu, nsalu, mchere, zitini za petulo, mutu wa makina osokera wa mayi wina, ndi anthu asanu ndi anayi. Amayi analuluta, ngakhale nthungululu zake zinali zopanda mphamvu.

Inayenda bwino, ndisabise. Inayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kukonza mumtima mawu amene ndidzauze Agnesi kuti akauze bambo ake. Tisanafike ku Thuchila pali kamtsinje kena kamene chaka chimenecho kanali mchenga wokhawokha. Matayala akumbuyo anatitimira. Ndinabweza pang'ono, ndinaponda mafuta. Pansi panamveka phokoso ngati munthu akupera miyala pamphero, kamphindi kochepa chabe, kenako injini inalira mopepuka, mosangalala, matayala osasuntha. Ndinaponda kachiwiri. Palibe. Ndinazimitsa.

Tinagona pomwepo. Tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo tinaona munthu akubwera potsata mapazi a matayala, akutsimphina, alibe jasi, paphewa atasenza zitsulo ziwiri zazitali zomanga ndi luzi. Anali a Muhiwa. Jasi anasinthanitsa ndi mashafitiwo, n'kutsala ndi kachitini ka dongo kokha. Anali atafika kunyumba madzulo a tsiku lomwe ife tinanyamuka. Ndikanadikira tsiku limodzi lokha.

Anatula katundu wawo pamchenga. Ntchentche zinali zitadzaza pansanza ya pamwendo. Sanapereke moni kwa aliyense. Anagwada, anasolola shafiti yakumanja, ndipo tonse tinaona nsonga yake itasalala ngati munsi.

A Lukasi ndi amene anayamba.

"Alamu, si inu munasiya mawu kuti galimotoyi itha kuyenda ndi zitsulo zakalezi?"

Chaka chimenecho akamwini ankapirikitsidwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa. Wina anapatsidwa mphasa yake chifukwa chodya chinangwa chimodzi mobisa. Nanga ine, wonamiza eni mbumba, wowononga galimoto imene mudzi wonse unkadalira? Ndikanachoka tsiku lomwelo, osatsanzika ngakhale mwana wanga.

A Muhiwa anatembenuza shafiti ija m'manja. Sanandiyang'ane.

"Ndinatero."

"Ndiye dongo lanu lija, limene mumatitopetsa nalo?"

"Ndinayeza molakwa."

A Lukasi analankhula mpaka thovu kukamwa. Anati zaka zonsezi a Muhiwa akhala akunyoza anthu ophunzira, akuchedwetsa anthu pa zinthu zachabechabe, lero pamene ana akufa ndi pamene aphonya. Anati akanakhala mnyamata akanawabweza kwawo kwa Apwitikizi. A Muhiwa, munthu amene sanagonjerepo ngakhale bambo mfumu pa nkhani ya nati imodzi, anangopitiriza kumasula mabawuti. Ine ndinatsegula pakamwa kamodzi, ndinatsekanso. Ndinachita mantha, palibe dzina lina loti ndingapereke.

Kungolowetsa mashafiti atsopano sikukanatheka. Zidutswa za mano aja zinali zitamwazikira m'difu monse, ndipo mipata ya m'bowo la giya inali itaphwanyika m'mphepete. Anamasula zonse, anatsuka giya iliyonse, anayala pansalu ya munthu wina yokasinthira chimanga. Kenako anatenga katupa kakang'ono n'kuyamba kusalaza mpata umodziumodzi. Akapala pang'ono, dongo. Kuyang'ana. Kupala pang'ono, dongo. Ena mwa anthu aja anatopa n'kupitirira wapansi, ena anabwerera kumudzi.

Tsiku lachitatu tili pamchenga paja, kunabwera munthu pa njinga ndi uthenga woti Agnesi wabereka Filomena kumbuyo kupita naye kuchipatala cha mishoni, ndipo mwanayo wasiya ngakhale kulira. A Muhiwa anamva. Tupa anaima kamphindi, n'kupitiriza pa liwiro lomwe lija. Sanafulumire ngakhale pang'ono. Ndinafuna kuwalanda tupayo, ndinafuna kukuwa, ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse, ndikudziwa bwino lomwe kuti masiku amenewa ndawawonjezera ndine. Ukali wopanda poutula ngati umenewo sindinaumveponso.

Anamaliza tsiku lachisanu. Shafiti yatsopano sinalowe mosavuta ngati yanga ija. Inalowa mokakamira, ikumveka kuti yafika kwawo, ndipo atagwedeza tayala panalibe kusewera kulikonse. Anayendetsa okha. Tinakafika kutsidya kwa Muloza, tinapakira makaka ndi chimanga mpaka masipuling'i kuwongoka, ndipo pobwerera tinadutsa pamchenga womwe uja. Matayala anatitimira, injini inabuula, galimoto inatuluka. A Muhiwa anaisisita pachiwongolero.

Filomena tinamupeza ali moyo. Masisitere anamusunga ndi mkaka wochepa umene anali nawo, ndipo anatiuza mosabisa kuti tikanachedwanso pang'ono tikanapeza zina. Phala la chimanga chimene tinabwera nacho ndi limene linamudzutsa. Anachita kuphunziranso kuyenda. Lero ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndi wanzeru m'kalasi, koma ndi wamfupi kuposa anzake onse, ndipo ine ndikamuona pamzere wa m'mawa ndimawerenga masiku asanu aja.

Njala itatha, nkhani inatsala. Mudzi wonse unadziwa kuti a Muhiwa anayeza molakwa ndipo mdzukulu wawo anatsala pang'ono kufa. Anthu ena anayamba kupita ndi njinga zawo kwina. Amene ankabwerabe, akaona dongo likutuluka, ankafunsa akumwetulira, "Lero mwayeza bwino, a Muhiwa?" Pamowa, pamaliro, potuluka m'tchalitchi, funso lomwelo. Munthu amene ankakalipa pa chilichonse ankangomeza. Zaka zisanu ndi zinayi akumeza.

Musaganize kuti ine anandisiya mwamtendere. Sabata yomwe sukulu inatsegulidwa anabwera atasenza shafiti yosalala ija, nauza ahedi kuti amva kuti sukulu ilibe belu. Anaimangirira okha pamtengo, moyang'anana ndi khomo la kalasi langa. Ahedi anathokoza kwambiri, anati apongozi anu ndi munthu woganizira ena. Chiyambire tsiku limenelo chitsulo chimenecho chimalira m'mawa, pa nthawi yopuma, ndi poweruka. Ndipo pakhonde, ndikangonena chinthu motsimikiza, kaya za mvula, kaya za mtengo wa nandolo, ankatembenukira kwa mwana wawo.

"Agnesi, tawafunsa aphunzitsi, awerenga angati?"

Agnesi ankangoseka pang'ono n'kulowa m'nyumba. Sanandifunsepo kanthu za ulendo uja, ndipo kusafunsako kumandiuza kuti akudziwa.

Kamodzi kokha ndinayesa kukonza zinthu. Ndinawapeza okha akumanga sipoko za njinga, ndinakhala pansi chapatali, ndinati, "Bambo, nkhani ya pamchenga ija ndikufuna ndikaulule kwa a Lukasi." Sanadzutse mutu. Anauza njingayo kuti pali anthu ena amene amakusenzetsa katundu, ukamusenza mpaka kuzolowera, abwerenso kuti amutule pakati pa njira kuti iwo apepukidwe mtima. Anaiuzanso kuti mwana wodwala uja ankafunika bambo ake pamudzi, ndipo akuwafunabe. Kenako anandipempha, kudzera mwa njinga yomweyo, kuti ndisunthe chifukwa ndikutchinga kuwala. Mukuona munthu wake? Ngakhale kulapa ankafuna kuchitike pa nthawi imene iwo ayeza.

Ndinkaganiza kuti podwala pano anena kanthu, andimasule kapena anditukwane, chilichonse. Ndinakhala pakhomo la chipinda chawo masiku angapo. Mawu omaliza amene ananena okhudza ine anali ouza Agnesi kuti asalole aphunzitsi kupita kwa kalipentala ndi bango lija, angalisiye panjira poona kuti likulemera.

Dzana, anthu a kumaliro atabalalika, Filomena anandipeza nditaima pafupi ndi thandala la pakhonde. Anatola kadongo kamodzi, akukatembenuza.

"Bambo, n'zoona kuti anganga aamuna anatsala pang'ono kundipha ndi dongo lawoli? Azimayi amanena kumanda kuja. Akuti ndine wamfupi chifukwa cha iwo."

Ananena mopanda mkwiyo, ngati nkhani imene waimva kuyambira ali wakhanda. Ndipo ndi momwemo. Mwana amene munthu uja anamuyendera mtunda wonse ndi chilonda pamwendo wakula akudziwa kuti anganga ake ndiwo anamulakwira. A Muhiwa ankadziwa kuti akumva zimenezo, ndipo ankamupatsabe mango oyamba kupsa.

Ndinafufuza pathandalapo mpaka ndinakapeza. Kali ndi mizere khumi, kouma, kong'aluka pang'ono kunsonga. Ndinamutengera kusukulu, ndinakagoneka pafupi ndi nsonga ya belu, ndinamuuza zonse: za ku Limbe, za bodza langa kwa a Lukasi, za tsiku limodzi limene sindinadikire. Anamvetsera osandidula. Sanalire. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso amene si a mayi ake kapena anga, koma a anganga ake, kenako anafunsa funso limodzi.

"Ndiye anthu muwauza liti?"

A Lukasi akadali moyo, ndipo Lamlungu likubwerali mbumba yonse isonkhana pakhomo pano tikatuluka ku misa. Ndalemba izi kuti ndikayamba kuchita mantha ndizingowerenga. Ndikudziwa kuti a Muhiwa akanakwiya. Akwiye. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulephera kuwatsutsa, ulendo uno alibe njinga yoti aiuze.

Galimoto ija inafa kalekale, bodi yake ndi khola la nkhuku. Pansi pa mango pamene inkaima patsala miyala inayi imene ankaikhazikapo, ndi dothi lakuda ndi oyilo pomwe udzu sumera. Masipanala ali pamsomali motsatana kukula kwake, palibe amene walimba mtima kuwakhudza. Mabango odulidwa ali m'ngodya, lililonse ndi kachizindikiro ka chikhadabo, ndipo palibenso munthu padziko amene akudziwa kuti linayeza chiyani.

M'mawa uno apongozi aakazi ayambanso kuumba, akuti manja asazolowere kukhala. Ndinawaona ataponda dongo lawo, akudula nthuli imodzi n'kuiika padera pamwala wa kuseri kwa nyumba, n'kuivundikira ndi tsamba la nthochi. Agnesi anawafunsa kuti imeneyo ndi ya chiyani. Anati zaka zonsezi akhala akukumba loonjezera, n'kumaliika poonekera kuti wakubayo asavutike kufuna. Anayang'ana nthuliyo kanthawi, n'kubwerera ku mbiya yawo.

Dzuwa lapendeka tsopano. Ndapita kukaona. Tsamba lija lafota, ndipo dongolo lili momwe analisiyira, lopanda chala cha munthu.